Mkaka ukatha muli pakati pokanda, musathamangire chilichonse choyera

Anzanga okonda kuphika, funso lakuti "mkaka wandithera, ndithire chiyani?" ndimalimva kawirikawiri, ndipo mayankho ake ambiri sandisangalatsa. Anthu amangotchula chilichonse choyera ndi chamadzimadzi. Ine ndimaona kuti kuyerako kulibe ntchito mu poto. Chofunika ndi kudziwa chimene mkakawo umachita mu chakudya mukuphikacho, ndipo mukachidziwa mupeza kuti nthawi zambiri madzi ndi batala pang'ono zikukwanira.

Mkaka wa ng'ombe ndi madzi kwambiri kuposa mmene timaganizira. Pa magalamu 100 aliwonse, pafupifupi 87 ndi madzi. Otsalawo ndi mafuta opitirira pang'ono magalamu 3, mapuloteni ochuluka chimodzimodzi, komanso shuga wake wotchedwa lactose wosafika magalamu 5. Kapu imodzi ya mamililita 240 imakhala ndi mafuta pafupifupi magalamu 8. Batala ndi mafuta 80 peresenti, ndiye masipuni awiri a tiyi a batala amakubwezerani mafuta amenewo. Musungunule, mumuthire mu kapu ya madzi ofunda, basi mwathana nazo. Majarini kapena mafuta ophikira amagwiranso ntchito, kungoti alibe kafungo ka batala. Mu keke imene muli kale mazira, shuga ndi mafuta ake, wodya sangadziwe n'komwe kuti mkaka munalibe. Mu keke ya chokoleti ndiye ndimakonda madzi otentha kapena khofi kuposa mkakawo, chifukwa koko amamveka bwino.

Chimene mumataya mukathira madzi m'malo mwa mkaka ndi kufiirira kwa kunja. Mapuloteni ndi shuga wa mu mkaka zikakumana ndi kutentha kwa uvuni zimafiirira n'kutulutsa fungo lokoma lija. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1912, ndipo mpaka lero zimatchulidwa ndi dzina lake. Ndiye masikono a madzi amatuluka otuwa pang'ono. Apakeni dzira lomenya pamwamba musanawalowetse mu uvuni, afiira bwinobwino. Musawasiye nthawi yaitali pofuna kuti afiire okha, angouma.

Za buledi ndiye musadandaule n'komwe. Buledi wotchuka wa ku France wa baguette ndi ufa, madzi, mchere ndi yisiti basi. Yisiti yophikira sidya lactose, choncho mkaka si umene umafufumitsa buledi. Ntchito yake ndi kufewetsa mkati ndi kufiiritsa kunja. Buledi wa madzi amakhala ndi khoko lolimba ndipo amauma msanga, koma sipuni ya mafuta mu mtanda imachepetsa vutolo.

Pamene anthu ambiri amaonongera chakudya ndi pa zitini. Pali mkaka wa m'chitini wa mitundu iwiri ndipo ndi wosiyana kwambiri. Wolembedwa evaporated ndi mkaka wamba umene anauchotsa madzi pafupifupi 60 peresenti. Theka la kapu la umenewu ndi theka la kapu la madzi, mwapeza kapu ya mkaka weniweni, wothira paliponse. Wolembedwa sweetened condensed, wonanda uja, shuga wake amapitirira 40 peresenti. Mukauthira mu msuzi wa nyama kapena mu mbatatesi zokanya, chakudyacho chapita. Mu keke mutha kuugwiritsa ntchito mutausungunula, koma muchepetse kwambiri shuga amene mumafuna kuthira, apo ayi keke ipsa kunja mkati musanapse. Mkaka wa ufa suvuta, tsatirani muyezo wolembedwa pa paketi, kapena ufawo muusakanize ndi ufa wa tirigu madzi muthire paokha.

Koma chenjerani ndi ufa woyera wothira mu khofi kapena tiyi uja wotchedwa creamer. Umaoneka ngati mkaka wa ufa ndipo m'masitolo zimaikidwa moyandikana, koma werengani pa paketi. Mupeza kuti zambiri mwa zimene zilimo ndi shuga wa glucose ndi mafuta a zomera, mapuloteni ndi ochepa kwambiri. Mu keke sangaononge kanthu, ngakhale sakuonjezera chimene batala sangachite. Chimene chimandiwawa ndi kuona anthu akuupatsa ana poganiza kuti ndi mkaka. Mwana wakhanda sapatsidwa creamer, condensed, kapena chilichonse cha zimene ndikutchula pano. Nkhani ya pano ndi ya kuphika yokha.

Yogati ndi mkaka wosasa ndimazikonda kwambiri, mwina kuposa mkaka wa lero, makamaka mu mapanikeke ndi masikono. Zili ndi asidi, ndipo asidiyo akakumana ndi soda pamatuluka mpweya wa carbon dioxide umene umafufumitsa. Ndiye mukasintha mkaka wamba ndi wosasa, thirani kota kapena theka la sipuni ya tiyi ya soda pa kapu iliyonse, kenako baking powder mumuchepetseko. Soda ikachuluka chakudya chimamveka ngati sopo. Yogati wolimba musungunule ndi madzi mpaka azithirika ngati mkaka, ndipo akhale wopanda shuga kapena zipatso. Mu msuzi wa pamoto yogati ndi wovuta. Akawira amagawikana, madzi kwaokha timibulu kwaokha. Muthireni kumapeto poto mutaphula, kapena muyambe mwamusakaniza ndi sipuni ya ufa wa sitachi.

Ponena za msuzi woyera uja wa batala, ufa wa tirigu ndi mkaka, umene ophika a ku France amati béchamel, anthu amaganiza kuti popanda mkaka palibe chochita. Komatu mukathira msuzi wa nkhuku kapena wa nsomba m'malo mwa mkaka mumapeza velouté, msuzi wolemekezeka umene wophika wotchuka wa ku France, Auguste Escoffier, anauika pamodzi ndi béchamel m'gulu la misuzi yaikulu m'buku lake la 1903. Sindikuona chifukwa choutenga ngati wa anthu osowa. Pa makaroni a tchizi, madzi amene munawiritsira makaroniwo ali ndi sitachi wothandiza tchizi kusungunuka mosalala. Mbatatesi zokanya ndi chimodzimodzi, musataye madzi ake onse, ndipo batala musaumire.

Mikaka ya zomera nayo si yofanana. Wa soya ndi umene uli ndi mapuloteni oyandikira a ng'ombe, ndiye umafiirira ndi kugwira bwino. Wa mpunga ndi wa amondi ndi wamadzi kwambiri, sukusiyana kwenikweni ndi madzi aja ndatchula. Wa kokonati wa m'chitini uli ndi mafuta ochuluka kangapo kuposa wa ng'ombe ndipo fungo lake silibisika, ndiye muyambe mwadzifunsa ngati mukulifuna mu chakudyacho. Kirimu mukakhala naye, theka kirimu theka madzi.

Pamene ndimagonja ndi pa kasitadi, ayisikirimu ndi zina zotere zimene mkaka ndiwo chakudyacho. Apa madzi ndi batala sizingakupulumutseni, mupeza chinthu chamadzimadzi cha mafuta oyandama pamwamba. Ngati mulibe evaporated, wa ufa, kirimu, wa soya kapena wa kokonati, kasitadiyo muisiye tsiku limenelo, mazirawo muphikire china.