Ku Taifa wosewera akamachoka tauni imagwedezeka, kwathu timangoti watha

Anzanga a Maule, a Manoma ndi a Mabanker, mundikhululukire, lero ndiyamikira Ataifa pamaso panu. Sindikunena za ndalama zawo kapena za bwalo la Benjamin Mkapa lolowa anthu 60,000 lija. Ndikunena za mmene masapota awo amachitira wosewera yemwe wawatumikira nthawi yaitali akamachoka pa timu. Pamenepa atisiya kutali, ndipo zikundipweteka mtima.

Chandiputa ndi ichi. Timu yomwe ndimaikonda kuno kwathu, dzina lake ndisunga, yataya wosewera wa kumbuyo yemwe wakhala nafe kuyambira ali kamnyamata. Nkhaniyi sitinaimve pabwalo, tinaiona pa gulu la WhatsApp, dzina lake lili pakati pa mndandanda wa anthu omwe kontilakiti yawo yatha, limodzi ndi ana omwe sanamenyeko ngakhale gemu imodzi. Za akuluakulu a timu ndilibe nazo mawu, iwo amawerenga ndalama. Chinandibaya ndi zomwe analemba masapota anzanga. Wina akuti "wachedwa kupita", wina "watha ameneyo", wina "akalime kumudzi". Anthu omwewa ndi amene ankamunyamula pamapewa titatenga chikho! Munthuyu ndinamuonapo pa siteji akudikira minibasi gemu itatha, nsapato zampira zili mu jumbo, bondo atalimanga bandeji, akutsimphina. Bondo limenelo analiphwanyira ife. Lero tikumuseka.

Tsono taonani za tsidya la Songwe. Mu July 2024 ndinali ku Mbeya kukatenga katundu pomwe zinamveka kuti Clatous Chama wachoka ku Simba wapita ku Yanga. Amene mumatsata mpira wa kumeneko mukudziwa kulemera kwa nkhaniyi: zili ngati kapiteni wa Bullets kudzuka m'mawa atavala za buluu za Manoma ku Lali Lubani. Tsiku limenelo ntchito inaima. Anyamata a njinga zamoto anasiya makasitomala ataima, nkumakangana atazungulira foni imodzi. Pamalo pomwe ndimamwera tiyi, bambo wina wachikulire wa jezi yofiira ya Simba anaimirira, kapu ili m'manja, nkuyamba kufotokoza zigoli za Chama chimodzichimodzi ngati akuwerenga maina a ana ake. Cha mu December 2018, chomwe anagoletsa ndi chidendene chakumapeto kwa gemu, nkutulutsa Nkana ya kwawo ku Zambia. Cha mu March 2019, chomwe anamwetsa AS Vita nthawi itangotsala pang'ono kutha, Simba nkulowa mu makotafainolo a CAF Champions League. Anafotokoza komwe mpira unachokera, amene anaupereka, phazi lomwe anamenyera. Atamaliza anapukuta m'maso ndi kolala ya jezi, nkukhala pansi osamaliza tiyi uja.

Musaganize kuti onse ankamudalitsa, ayi. Ena ankamutcha wachiwembu, ena ankati mabwana a Simba ndiwo anagona. Koma ngakhale otukwanawo ankamutchula dzina lomwe anamupatsa okha, Mwamba wa Lusaka, kutanthauza thanthwe la ku Lusaka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati munthuyu sanachitepo kanthu. Mkwiyo wawo unali wa anthu omwe akudziwa chimene ataya. Ndipo kumbukirani kuti Chama si Mtaifa, ndi mwana wa ku Zambia yemwe anafika ku Simba mu 2018, nkukadutsako ku RS Berkane ya ku Morocco mu 2021 kenako nkubwerera. Mlendo, koma tauni yonse inamulira ali moyo.

Chaka cha m'mbuyo mwake, mu 2023, zinali chimodzimodzi ndi Jonas Mkude. Uyu ndiye mwana wa m'nyumba, anakulira ku Simba, anakhalako zaka zoposa khumi, anatenga nawo ligi kanayi motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2021. Timu itamusiya, Yanga inamutola, ndipo anakatenga nayo ligi. Mpaka lero mukakwera basi ya ku Dar es Salaam nkutchula dzina lakelo, mupeza anthu ogawanika pawiri, ena akuti anayenera kupumira pa Simba, ena akuti nthawi inali itakwana. Amakangana za iye chifukwa akumukumbukira. Ife wathu akachoka Lachisanu, pofika Lolemba tili pa nkhani ya mnyamata watsopano wochokera ku timu yaing'ono.

Pali zina zomwe ndiyenera kuvomera, ndisakhale ngati ndaledzera ndi za eni. Ataifa pakamwa mpoopsa, akakutembenukira amakutukwana mpaka makolo ako. Matimu awo akuluakulu amataya osewera ambirimbiri pakutha pa sizoni iliyonse, ndipo alendo sawapirira. Ana athu Peter Banda ndi Duncan Nyoni anapita ku Simba mu 2021, koma Nyoni sanakhalitseko. Komanso kukumbukira kwawoko kuli ndi chokuthandizira: Azam TV imaonetsa magemu a ligi yawo, zigoli zimabwerezedwa pa kanema ndi pa mafoni chaka ndi chaka, mawailesi amakamba za mpira m'mawa wonse. Mwana wa ku Mbeya yemwe anali wamng'ono mu 2019 chigoli cha Chama wachiona kambirimbiri. Mwana wa ku Ndirande angachione kuti chigoli chomwe Fischer Kondowe anapangitsa ali pachimake? Pamenepo ndalama zikulowapo, sindikana. Simba Day ndi Wiki ya Mwananchi, pomwe bwalo limadzaza anthu ongobwera kudzaona osewera awo akutchulidwa maina, nazonso zimafuna thumba.

Koma kuwomba m'manja sikufuna sponsa. Kusiya kulemba kuti "watha" sikudya bandulo.

Fischer Kondowe, Anong'a mwini wake, anathamanga pa wing'i ya Bullets mpaka atadutsa zaka 40. Kwina kulikonse chimenecho ndi chinthu chonyadira, anthu akanatenga ana awo kukawaonetsa kuti thupi limasamalidwa chonchi. Ife nthabwala zathu zinali za zaka zake basi. Joseph Kamwendo, katswiri wakale wa Manoma, anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa chaka ku Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, mlendo m'dziko la eni, anavalapo jezi ya Orlando Pirates ndi ya TP Mazembe. Funsani mnyamata wa jezi ya buluu pa Kamuzu Stadium lero kuti akuuzeni mbiri imeneyi, muone ngati afika pakati. Kinnah Phiri anagoletsera Flames zigoli 71, nkudzatitengera ku AFCON ya 2010 ku Angola ngati kochi, komwe tinaswa Algeria 3-0. Ataifa omwewa anamuona kuti ndi munthu, anamuitana kukaphunzitsa Mbeya City.

A ku Zambia nawo atiposako pang'ono. Ku Kabwe kuli bwalo lotchedwa dzina la Godfrey Chitalu, ndipo anyamata a timu ya dziko lawo omwe anafa pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993 amawakumbukira chaka chilichonse. Athu mabwalo akuluakulu ndi Kamuzu ndi Bingu. Apa Ataifa sangatiseke, nawonso lawo lalikulu ndi la pulezidenti.

Pomwe ife sitigonja ndi pamaliro. Wosewera wakale akamwalira timasonkha, timabwera ndi mbendera za timu, timaimba usiku wonse, a Maule ndi a Manoma kukhala pa benchi imodzi. Chikondi chilipo ndithu, sindikunama. Koma bwanji timachisunga mpaka munthu atagona m'bokosi? Akadwala ali kwawo ku Chilomoni kapena ku Chibavi sitimudziwa. Atangotsiriza mpira, akufuna kampamba koti ayambire geni, timamuzemba.

Inu a makomiti a masapota, mumatha kusonkhetsa ndalama ya basi yopita ku Karonga kapena ku Mzuzu m'masiku owerengeka. Mumatha kukakamiza kochi kuchotsedwa ntchito. Mphamvu zimenezo muli nazo. Pitani kwa mabwana a timu mukawauze kuti aliyense amene wakwanitsa zaka khumi pa timu asachoke ndi kalata yokha: gemu yomaliza ya pakhomo alowe ngakhale mphindi khumi, atuluke tonse titaimirira, ndipo gawo la ndalama za pageti likhale lake. Akakana, tichite tokha ku masitandi, chipewa chizungulire, tikamupatse m'manja mwake akazi ake ndi ana ake akuona. Wa kumbuyo wathu uja ndiye woyamba, ndipo yanga ndaika kale pambali.