Musanamizire mtundu, msotiwo munauononga nokha

Lero ndapsa mtima. Munthu waponya chithunzi cha nkhumba yake pagulu lathu la alimi pa WhatsApp, ati akuigulitsa chifukwa ndi ya mtundu wachabechabe, ulendo wachiwiri yangoswa tiana towerengeka. Nkhumbayo nthiti zili pamtunda, msana fupa lokhalokha. Pomufunsa, akuti anaikweretsa ili ndi miyezi 5. Miyezi 5, abale!

Msoti, nkhumba yaikazi yomwe sinaswepo, ukaukweretsa thupi lisanakhwime, wauononga moyo wake wonse. Nkhumba ya mtundu wa Large White kapena Landrace imafunika ifike miyezi 7 kapena 8, ilemere makilogalamu 135 mpaka 150, ndipo ikayamba kufuna mphongo koyamba uileke, udikire masiku 21 ibwerezenso. Masiku 21 okhawo akukukanikani? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msotitu umakhala ukukulabe. Mwausenzetsa bere masiku 114, kenako ana akuyamwa usana ndi usiku, inu mukuuthirira madeya ndi madzi basi, opanda soya, opanda usipa, ngakhale mchere. Mkakawo uchokera kuti? Uchokera m'thupi mwake momwemo. Nkhumba ya thupi labwino mukailetsa kuyamwitsa, sabata siitha isanafunenso mphongo. Yowonda ija mudikira mpaka kutopa, ndipo ikatenga bere ana ake amachepa. Apo ndiye mumayamba kutukwana mtundu. Nkhumba yoti ikanakuswerani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mwaipereka kwa a kanyenya itangoswa kawiri, ndalama zoilerera zisanabwerere n'komwe.

Inde chakudya chadula, tonse tikudziwa. Koma kukwera mtengo kwa soya sikunatsegule chitseko cha mphongo. Munatsegula ndinu.

Ingopapasani m'chiuno ndi pamsana. Mafupa azimveka mukasindikiza ndi chikhatho, asamaoneke ndi maso. Akamaoneka, msotiwo sunafike pokweretsa, ndipo palibe zokambirana.

Enanu onenepetsa musaombe m'manja. Msoti wonona ngati wokapha pa Khirisimasi umavutika poswa, umadya pang'ono poyamwitsa, mkaka umachepa, miyendo imafooka, mapeto ake n'kugonera ana. Ndipo inu ogulitsa misoti, lekani kutenga nkhumba za m'khola lonenepetsera n'kumatiuza kuti ndi za mbewu. Tikafunsa tsiku lomwe inabadwa mukuyang'ana kumwamba, kope mulibe, mayi wake simukumudziwa, koma mtengo mukutchula mosaphethira.