Malamulo a pa masamba a mchezo agwire ndani?

Nkhani yoti boma lathu la Mozambique liike malamulo okhwima pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok yakula kuyambira pamene dziko la Australia linavomereza lamulo mu Novembala 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Ena akuti nafenso titsatire, ena akuti amenewa ndi mantha chabe a akuluakulu amene foni inawapeza atakula. Ine ndikuti vuto lilipodi, koma inu abale anga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amene mukufuula kuti boma lilowererepo, mwaiwala msanga zimene tinaona.

Zoti mphekesera zimaphetsa anthu, palibe angatsutse. Mu Epulo 2024 anthu oposa 90 anamira ndi boti pafupi ndi Ilha de Moçambique, ndipo akuluakulu a boma ku Nampula ananena kuti ambiri ankathawa kwawo chifukwa cha nkhani zabodza zokhudza kolera. Komatu bodza loti azaumoyo ndiwo amafalitsa kolera akamathira mankhwala m'zitsime linayamba kale, WhatsApp isanafike m'midzi, ndipo za anamapopa zimene zinavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 agogo athu anazimva nthawi ya atsamunda. Foni imangothamangitsa bodza, koma chimene chimalimeretsa ndi choti anthu sakhulupirira owalamulira, ndipo matenda amenewo sachira ndi lamulo la intaneti.

Titavota pa 9 Okutobala 2024, zionetsero zitabuka, intaneti ya pa foni inadulidwa mobwerezabwereza, kenako Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinatsekedwa. Anavutika ndani? Mlimi wa kachewere amene amagwirizana mtengo pa WhatsApp ndi ogula a ku Tete ndi ku Beira asanakweze matumba pa lole, ndiponso mayi amene mwana wake ali ku Johannesburg ndipo alibe njira ina yotsika mtengo yomvera mawu ake. Anyamata a m'tauni anangoika VPN, pulogalamu yozembera kutsekedwa kwa masambawa, n'kumapitiriza, pamene wa kumudzi anatsala ndi zomva m'chapa (m'minibasi) ndi pamsika, popanda pofufuzira ngati zili zoona. Kumeneko kunali kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Ndime 48 ya malamulo aakulu a dziko lino imatipatsa ufulu wolankhula ndi wolandira nkhani, ndipo sindikuona chifukwa choperekera mphamvu yotseka masambawa kwa anthu omwewo amene amadzudzulidwa pamenepo.

Malamulo amene ndingawavomere ndi olunjika wolakwa. Akathyali amene amatumiza uthenga woti “tumizani ndalama zija pa nambala iyi” amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa, choncho INCM, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, pamodzi ndi makampani a mafoni akakamizidwe kuwatsata ndi kuwatseka msanga munthu akadandaula. Wofalitsa zithunzi za mtsikana ali maliseche akayankhe kukhoti. Eni masambawa nawonso asasiyidwe: zikalata zimene Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anaulula mu 2021 zinaonetsa kuti gawo lalikulu kwambiri la ntchito ya Facebook yolimbana ndi nkhani zabodza linkapita ku United States, maiko ena onse n'kumagawana zotsala. Ngati kampani ikupeza phindu pa ife, ilembe ntchito anthu odziwa Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, oti munthu akamamemeza anzake kuti akatenthe nyumba ya mnzawo azimva zimene zikunenedwa. Ndipo chilolezo chochotsa uthenga chizichokera kwa woweruza, osati kwa nduna.

Za ana osakwana zaka 16 zija, kuno n'zovuta kuzitsata, chifukwa m'mabanja ambiri foni ndi imodzi, yolembetsedwa m'dzina la bambo, ndipo madzulo amene amaigwira, n'kuwawerengera makolo mauthenga, ndi mwana yemweyo amene lamulo likufuna kumuletsa.