Chikwatu cha amayi anga achitaya mu bini

Abale anga lero ndiye ayi, mtima ukundiwawa moti ngakhale madzi akukanika kutsika kukhosi. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Tete, ku Mozambique. Ndachokera ku msika wa Kwachena masana ano dzuwa likuswa mtengo, jumbo ya tomato ndi anyezi kumanja, ndikulowa kukhitchini ndikuona pamwamba pa kabati pamene ndinasungira chikwatu changa palibe kanthu. Ndamufunsa mwana wa m'nyumbamo akuti mama ataya, amati chikununkha. Ndathamangira kuseri kukavundukula bini ndachipezadi chili pansi penipeni, pamwamba pake athirapo mamba a nsomba, madzi otsukira mbale ndi thewera la mwana. Mfutso wa amayi anga umenewo. Ndawafunsa adona mwaulemu, manja kumbuyo, kuti kodi chalakwa n'chiyani, akuti iwo zinthu zomanga ndi luzi m'nyumba mwawo sazifuna, Amalawi timakonda mankhwala, mwina ndikufuna kuwadyetsa amuna awo. Ine mayi wa Mvano, wa ana awiri, ndachoka ku Ntcheu konse kuja kudzafuna mwamuna wa mwini kuno?

Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti chikwatu chimodzi chimadya thukuta lochuluka bwanji. Amayi aja ndi okalamba tsopano, mawondo anatha, koma mu Malichi ndi Epulo mvula ikamapita kumapeto amalowabe m'munda kukathyola khwanya ndi nkhwani tsamba limodzilimodzi, akhale pansi asadzule, afutse mu mphika waukulu, ayanike pa mphasa, tsiku lonse ali pompo ndi kamtengo kuingitsa nkhuku ndi mbuzi, kukangochita kamtambo athamange kukaanula. Ukauma ndiye apite kutchire kukafuna masamba a msuku akuluakulu osabooka, asende luzi, amange bwinobwino kuti chinyezi ndi tizilombo zisalowe. Anachipereka kwa mayi wina wa geni ya kachewere amene amatsika pa lole kuchokera ku Angonia kudzera pa Mussacama, mayiyo anachifungatira pamiyendo njira yonse kuopa kuti matumba angachiphwanye. Ine ndinachisunga kuntchito dala chifukwa kumene ndimagona makoswe sasiya kanthu, ndimati kuno ndiye kuli chitetezo. Nsinjiro ndinasinja kale dzulo, ndimati lero ndikaweruka nditapeko pang'ono, ndikaviike m'madzi ofunda, tomato mmodzi, kamchere, nsinjiro pamwamba, kuvundikira mpaka zigwirane, ndidye ngati munthu woti ali ndi kwawo.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'choti ine chakudya chawo sindinachinyozepo. Ndinafika kuno kokonati ndisakudziwa kupala kwake, lero ndine ndimakhala pa kampando ka mano kaja m'mawa uliwonse mpaka zala kuchekeka, kufinya mkaka wake, kuthira mu nyemba, mu mpunga, mu nkhuku, paliponse kokonati. Matapa amene amanyadira akabwera alendo a ku Maputo ndimasinja ndine, ndipo matapawo si chigwada chomwechi timadya kwathu? Masamba a chinangwa, adyo, nsinjiro, kokonati, basi. Ndiye masamba a chinangwa ndi chakudya cha mabwana koma masamba a nyemba ndi ufiti? Nanga chicoa, nsomba ya mchere ija, ukaiviika m'madzi fungo lake limafika mpaka kwa aneba, zovala zonse kununkha, ine sindinagwirepo mphuno, ndimaphika ndi mtima umodzi ndipo ndimaikonda, ikakhala ndi tomato wambiri ndi tsabola pang'ono nsima imayenda. Mbuzi ya kuno nayo sindingainamizire ndi yokoma kuposa ya kwathu, mbuzi zake zimakhalira kutola masau pansi pa mitengo ndiye nyama yake ukawotcha pa makala mchere wokha wakwana. Pende wa ku Cahora Bassa ndimadya, kapenta ndimadya ngakhale kwa ine safika pa usipa wofutsa wa ku Salima. Pão, buledi wa kuno, wa m'mawa wotentha uja ndikadzapita kwathu ndidzamusowa, izi ndikunena poyera. Zawo zonse ndinazilandira ndi manja awiri, changa chimodzi chokha chawakanika kungondifunsa kuti kodi ichi n'chiyani.

Ndipo m'nyumba imeneyi maapozi amachita kuwerenga. Maapozi ndi mphesa za ku South Africa zogula mu shopu, zomata kapepala zija, awerenge Lolemba adzawerengenso Lachitatu, likasowa limodzi maso onse kwa ine chonsecho ana awo ndi amene amangoluma n'kuponya kuseri kwa sofa, ndimazipeza ndine posesa. Ine apozi ndilitani, lopanda ndi fungo lomwe? Ndinakulira mapichesi a ku Dedza ndi masuku ine. Novembala, Disembala, m'mbali mwa M1 ana ali ndanda ndi mabeseni, suku lovundika bwino ukangolifinya pang'ono limatseguka lokha, upsopsone, nthangala ulavule, madzi ake kumata m'zala, palibe chipatso cha mu shopu chingafike pamenepo. Kuno kumunsi masuku samera, zipatso za kuno ndi masau ndi malambe. Masau poyamba ndinkawaona owawasa kwambiri koma owuma aja ofiira okwinyika ndinawazolowera, ndimaika m'thumba la epuloni ndikumatafuna uku ndikuchapa. Malambe osungunula ndi shuga ndi mkaka n'kuumitsa mu filiji m'timapepala, mwezi uno wa Okutobala ndi amene akutisunga ndi moyo. Mango kuno amapsa msanga kuposa kumtunda kwathu, koma ine mango anga ndi a kalisere, ang'onoang'ono aja oti ukadya ulusi utsale m'mano, maboloma ndimangodya poti alipo. Manachesi a ku Mwanza akayamba kulowa pa Zobue nthawi yozizira ndimagula ngakhale ndilibe ndalama, amenewo sindingawadutse.

Za kutentha sindinena zambiri mukuzidziwa nonse, madigiri 40 kupitirira, kachipinda kanga ka lendi ku Matundo malata ali pamutu penipeni, usiku timagona panja pa mphasa udzudzu wa mu Zambezi ukutidya, nsima ukasiya ya mkute m'mawa yasasa kale, pamene kwathu mkute ndi tiyi ndiye kadzutsa wa ana a sukulu. Ufa wake wa m'mapaketi uwu ungadye mitanda ingati pakangopita kanthawi njala yabweranso, ine ndimafuna ufa woyera wokonola, mphale yoviika mpaka ituluke kafungo kaja. Mphepo ikachokera ku Moatize fumbi la malasha lonse pa zovala zoyanika, ndichapenso, sopo akatha msanga wakuba ndine.

Ndiye pali za mapepala. Chidindo cha masiku 30 chikamatha mtima uli m'mwamba, ukwere chapa, minibasi ya kuno, mpaka ku boda ya Zobue ukatuluke n'kulowanso, ya transipoti ndi yako yomwe, tsiku limenelo adona akudulanso pa malipiro. Panjira anyamata a yunifolomu akangomva Chichewa chako, tsika, pasipoti aitembenuze uku ndi uku, zonse zili bwinobwino koma akufunabe refresco, kachiphuphu kaja. Pa boda osintha ndalama akuzungulire, zala zimathamanga powerenga, ukakawerenga wekha pambali zaperewera munthu wasowa kale. Kumudzi nako chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 aliyense akuganiza kuti amene ali ku Mozambique akutola metikali pansi, WhatsApp siipuma, achimwene akufuna feteleza, alamu akufuna foni, mwana wa azakhali akufuna nsapato za mpira, palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti kodi mwadya chiyani lero kumeneko. Achimwene omwewo munda wa amayi kulima ayi, ali pa bawo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa.

Amalawi anzathu ena kuno ndiye amandinyansa zedi. Munthu tinakwera naye lole imodzi, kwawo ndikukudziwa, agogo ake ndikuwadziwa, lero wangodziwa bom dia ndi obrigado basi ukamupatsa moni pa msika akuyankha m'Chipwitikizi chothyokathyoka uku akuyang'ana kumbali kuti anthu asamudziwe. Therere akuti anasiya limamuchititsa nseru, chonsecho Lamlungu madzulo ndi yemweyo amabwera kwanga kudzafunsa ngati katsalako ka denje. Wina ndamuuza nkhani ya leroyi wangoti kwa eni kulibe mkuwe asisi, ingopirirani. Ndikudziwa kuti kulibe mkuwe, ndapirira zambiri osatsegula pakamwa, kundidula malipiro ndinapirira, kundipatulira mbale yangayanga ndi kapu yangayanga ngati ndili ndi chifuwa chachikulu ndinapirira, koma thewera la mwana pamwamba pa chakudya chimene mayi wokalamba anachiweramira dzinja lonse? Thewera abale. Bola akanandiuza kuti chotsa ichi upite nacho kwanu, ndikanachotsa osayankha. Bola akanamupatsa mlonda wa pageti, ndi wa ku Tsangano ameneyo, akanachidziwa ndipo akanakadya ndi ana ake.

Amene andimvetsa ndi aneba anga a ku Domue, mayi wa ku Mozambique konkuno wa chitupa chake chabwinobwino, koma poti amayankhula ngati ife m'tauni muno nawonso amawatcha Amalawi. Nditawauza anangogwira pakamwa n'kukhala pansi pakhonde, akuti iwo anakulira mfutso womwewu ku Ntcheu nthawi ya nkhondo. Ndi zoona, ine ndinali kamtsikana koma ndikukumbukira. Anthu opitirira 1 miliyoni anathawira ku Malawi nkhondo isanathe mu 1992, ndipo kwathu sikuti ankachokera kutali, pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, uku Malawi uku Mozambique, ankangowoloka msewu ndi mitolo pamutu ana kumbuyo. Ambiri sanapite ku kampu, anakhala m'midzi mwathu momwe. Amayi anga anapereka khitchini yawo kwa banja lina, anawadulira kamunda kuseri kwa nyumba, ufa ndi nyemba za chithandizo zikachedwa ankamasula zikwatu zomwezi kudenga n'kugawana, mphika umodzi, ana tonse mbale imodzi. Palibe anawafunsa chitupa, palibe anawapatulira kapu. Ndife anthu amodzi ife, Angoni a kwa Gomani anakhala ku Domwe komweko asanafike ku Ntcheu, Achewa a kuno ndi a kwathu chaka ndi chaka amakakumana ku Kulamba ku Mkaika kwa Gawa Undi. Sindikunena kuti adona andibwezere za nthawi ya nkhondo ayi, mwina iwo anakulira m'tauni sanazione zimenezo, ndikungofuna adziwe kuti amene amawaphikirayu ndi mwana wa munthu, ali ndi mayi ake amene sagona pomuganizira.

Loweruka amayi adzapita kwa aneba kukabwereka foni, ndipo funso lawo loyamba ndikulidziwa, mwana wanga ndiwo zija zinakoma, nsinjiro unali nazo? Kuwanamiza amayi anga sindinazolowere, kuwauza zoona ndiye sagona, adzalira kuti mwana wawo akuzunzika kwa eni, BP nayo idzakwera. Ichi ndiye chandikhazika pansi usiku uno. Mwana wanga wamkulu ali Fomu 3, ndinabwera kuno chifukwa cha fizi yake ndipo sindichita nazo manyazi, ntchito ya m'nyumba yomweyi yamufikitsa pamenepa. Koma wamng'onoyo akukula ndi agogo ake oti kuyenda kukuwavuta, akadwala ndimamva atachira kale, kusukulu akaitana makolo palibe wopita. Mawa ndidzuka ndipita ku ntchito, kokonati ndikapala, ndigwira mpaka Disembala kuti ndilandire zanga zonse ndilipire teremu yachiwiri, kenako ndikwera ya ku Calomue, boda yotulukira ku Dedza, sindibweranso. Dimba la malemu abambo lili pompo m'mbali mwa mtsinje likungomera udzu, tomato, kabichi ndi kachewere pa Lizulu malole amachita kulimbirana, anzanga amene ndinakula nawo akulipira fizi ndi zomwezo ndipo ine manja ndili nawo. Ngati pali amene akukwera kumtunda sabata ino kudzera ku Ulongue andiuze chonde, ndili ndi shuga, mafuta ophikira ndi zitenje za amayi, ya transipoti ya katunduyo ndilipira.