Kamwala kamene kamasintha mtundu wa kuwala

Abale anga, lero ndikufuna tikambirane za katochi ka laser kobiriwira kaja, kamene anthu amalozera pa bolodi pa misonkhano ndipo ana amakonda kuseweretsa usiku. Ambirife timangoganiza kuti mkatimo muli kababu kobiriwira basi. Ayi ndithu. Mu tambiri ta mtundu umenewu muli ka diode kamene kamatulutsa kuwala kwa infrared, kumene maso saona bwinobwino, pa ma nanomita 808 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala, ndipo kutalikako ndi kumene kumasonyeza mtundu wake), kuwalako kumakamenya ka krustalo kokhala ndi neodymium, iko nkutulutsa kuwala kwina pa 1064 kumene diso silingakuone, kenako kumadutsa mu ka krustalo kachiwiri kotchedwa KTP, ndipo mmenemo ndi mmene muli nkhani yonse chifukwa 1064 ija imatuluka ili 532, theka lenileni, ndiye kubiriwira timakuona kuja. Kamwala kakang'onong'ono kasintha mtundu wa kuwala. Maphunziro a zimenezi amawatcha nonlinear optics ndipo ine amandigwira mtima kwambiri. Paja tina totchipa sayikamo sefa yotchinga infrared yotsalayo, ndiye chonde osaloza m'maso mwa munthu ngakhale kakuoneka kofooka.

Zimatheka bwanji? Kuwala wamba, kwa dzuwa kapena kwa babu, kukadutsa pa galasi kumatuluka mtundu womwewo, chifukwa ma electron a mu galasimo amangogwedezeka molingana ndi mmene kuwalako kukuwakankhira. Koma kuwala kukakhala kwamphamvu zedi ngati kwa laser amakankhidwa mopyola muyezo nkuyamba kutulutsa zina zimene sizinalowemo. Zili ngati wailesi ukaikweza mpaka kumapeto, sipika imayamba kulira ndi timawu tina timene woyimbayo sanayimbe. Mu makrustalo ena ma photon awiri, timagawo ting'onoting'ono ta kuwala, amaphatikizana nkupanga imodzi ya mphamvu zowirikiza kawiri, ndiye chifukwa chake 1064 ija imatuluka ili 532. Koma si mwala uliwonse, ma atomu ake ayenera kusanjana mwa njira inayake, ndiponso wodula krustaloyo adule mopendeketsa pa mulingo wake weniweni, akangophonya pang'ono kuwala kwatsopanoko kumafafanizana kokha mkatimo osatuluka kanthu.

Laser yoyamba anaipanga Theodore Maiman mu 1960 ku California. Chaka chotsatira, 1961, Peter Franken ndi anzake pa University of Michigan anatenga laser ya ruby, yofiira, pa 694, nkuilozetsa pa mwala wa quartz ndipo kunatuluka kuwala kwa ultraviolet pa 347. Kunali kochepetsetsa, kadontho chabe pa chithunzi, mpaka posindikiza lipoti lawo mu magazini ya sayansi ya Physical Review Letters kadonthoko kanafufutidwa poganiza kuti ndi kachitsotso. Tangoganizani, umboni wonse wa kafukufukuyo unali kadontho komweko! Munthu akanawafunsa tsiku limenelo kuti zimenezi zidyetsa ndani sindikhulupirira kuti akanapeza yankho lomukhutiritsa. Ndipo Maria Goeppert Mayer anali atalemba kale mu 1931 ku Göttingen kuti atomu ikhoza kumeza ma photon awiri nthawi imodzi, koma panalibe kuwala kwamphamvu koyesera, zinadikira zaka 30 kuti zioneke mu labu. Donna Strickland anali mwana wasukulu wa PhD ku Rochester mu 1985 pamene iye ndi Gérard Mourou anapeza njira yokulitsira mphamvu za laser yothwanima mwachidule kwambiri osaphwanya makina, lero njira imeneyo ikugwira ntchito pa maopaleshoni a maso, mphoto ya Nobel anailandira mu 2018.

Koma munthu amene ndimamuganizira kwambiri ndi Chen Chuangtian wa ku China. Bambo ameneyu anayamba ndi masamu pa pepala, kufuna kudziwa kuti ndi magulu ati a ma atomu amene amachititsa kuti krustalo azisintha kuwala, ndipo masamuwo anamulozera ku miyala ya boron ndi oxygen. M'zaka za m'ma 1980 iye ndi gulu lake ku Fuzhou, m'chigawo cha Fujian, anatulutsa makrustalo awiri, BBO ndi LBO, amene lero ali m'malabu a laser padziko lonse. Kenako anapanga wina wotchedwa KBBF amene amafikitsa kuwala pansi pa ma nanomita 200, kumene enawo amavutika kufika. Ameneyu ndi wovuta kulera, amakula mopyapyala ngati timapepala tosanjikizana, muli beryllium amene ndi poizoni, ndipo zinawatengera zaka zoposa 10 kuti apeze kachidutswa kokhuthala mamilimita ochepa chabe. Mu 2009 dziko la China linasiya kugulitsa krustalo ameneyu kunja, akatswiri a ku America ndi ndalama zawo zonse zija anakhala zaka akuvutika kuti apange wawo. Zopangira zake sizinali zosowa ayi, chimene chinkasowa ndi anthu odziwa kulera mwalawo, anthu amene akhala pafupi ndi ng'anjo zaka ndi zaka akuyesa, kulephera, kuyesanso.

Apa ndi pamene mtima wanga umabwerera kunyumba. Ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli miyala ija amati rare earth, ndipo neodymium wa mu katochi kaja ali mgulu lomwelo. Anansi athu ku Zimbabwe amakumba lithium ku Bikita. Lithium ndi niobium ukaziphatikiza bwino mu ng'anjo umapeza lithium niobate, krustalo amene amagwira ntchito mu zingwe za fibre zonyamula intaneti, amathandiza kulemba uthenga pa kuwala kuti uyende ulendo wautali. Ndinene chilungamo, niobium wambiri padziko amapita kukalimbitsa zitsulo ndipo neodymium wambiri amapita ku maginito, wopita ku makrustalo ndi wochepa zedi, ndiye sindikunena kuti tikayamba kupanga makrustalo mawa ndiye kuti umphawi watha. Chimene chimandiwawa ndi chakuti tikamakamba za migodi timathera pa matani angati, mathiraki angati, msonkho ungati, koma sindimva tikufunsana kuti ndi ana athu angati amene angatenge mwala umenewu nkuuyeza, nkudziwa kuti umachita chiyani ndi kuwala. Mwana akati akufuna kuphunzira fizikisi kapena kemisitiri makolo timayamba kumudandaulira, akuti udzangokhala mphunzitsi, bwanji osachita za malamulo kapena akaunti. Ine zimenezi sindigwirizana nazo olo pang'ono.

Ndikudziwa ena muti dziko losowa mankhwala m'zipatala lingamalimbane ndi ma laser? Funsoli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Komatu sindikupempha labu ya mabiliyoni. Ku South Africa kuli Photonics Centre, imene kale inkatchedwa National Laser Centre, pansi pa bungwe la boma la kafukufuku la CSIR ku Pretoria, kulinso African Laser Centre imene imalumikiza ofufuza a m'maiko a mu Africa, pa yunivesite ya Wits ku Joni pali Andrew Forbes ndi gulu lake amene akudziwika padziko lonse pa kafukufuku wa kuwala. Ndi pafupi pompa, basi ya ku Joni timakwera tsiku ndi tsiku. Wophunzira wa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Thyolo akhoza kukachita masters kapena PhD kumeneko nkubwerera, bola pobwerapo apeze kachipinda, magetsi odalirika ndi nthawi yofufuza, osati kumuunjikira makalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ndipo poyambira palipo, potchipa. Pali krustalo wina wotchedwa KDP amene safuna ng'anjo, amakula m'madzi, ndi mchere womwe uja umapezeka mu feteleza wina wosungunula m'madzi wa potaziyamu ndi fosifeti. Ukausungunula woyera bwino m'madzi ofunda mpaka ukane kusungunuka, nkumangirira kambewu ka krustalo pa ulusi mu botolo, nkusiya pamalo posagwedezeka kuti madziwo azizizira pang'onopang'ono, pakapita masiku umaona kamwala koyera ngati galasi kakukula ndi mbali zake zosalala. Ku National Ignition Facility ku California, kumene kuli ma laser 192 ndipo mu December 2022 anakwanitsa kutulutsa mphamvu ya fusion, yotuluka ma atomu akaphatikizana, yoposa imene ma laser analowetsa, amagwiritsa ntchito makrustalo a banja lomweli, akuluakulu zedi, posintha infrared kukhala ultraviolet. Aphunzitsi a sayansi amene muli pano, mwana wa Fomu 3 akhoza kulera krustalo ameneyu m'kalasi mwanu temu ikubwerayi. Amene mwayesapo kale tiuzeni kuti mcherewo munaupeza kuti ndipo zinayenda bwanji.