Achimwene anga sanali mbale

Ndakwiya, ndipo wina asandiuze zoti ndiugwire mtima.

Loweruka lapitali tinali kumudzi, chakufupi ndi Chipoka, kuvundukula chiliza cha achimwene anga. Ndalama zake tinasonkherana chaka chathunthu, alongo anga mpaka anagulitsa matumba a mpunga. Abusa atapemphera, nsalu n'kuchotsedwa, mdzukulu wathu wa Sitandade 6 anayamba kuwerenga mokweza: USA MUMTENDERE MBALE WATHU. Mbale! Amayi a Mvano awiri anabisa nkhope m'zitenje. Kaya ankalira kaya ankaseka, koma ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Munthu amene anandilipirira sukulu ndi ndalama ya usodzi, lero wasanduka mbale yopakuliramo usipa. Ndipo si papepala poti tifufuta ayi, n'zogoba pamwala.

Lolemba ndinalawirira kwa mnyamata amene anagwira ntchitoyo ku Kamuzu Road. Ndimati mwina apepesa. Iye n'kutulutsa foni, n'kundionetsa kadikishonale kena kake ka pa intaneti, ati m'menemo alemba choncho. Kenaka n'kuwonjezera kuti kachizindikiro kam'mwambako n'kongokongoletsa, aliyense amva ndithu. Apa m'pamene mtima wanga unaphulika.

Kachizindikiro kameneko kali ndi dzina, ndi nkhodolero, ndipo si mkanda wovala m'khosi. Ndi kamene kamasiyanitsa m'bale ndi mbale. Kachotseni pa ng'oma, muona kuti chotsalacho ndi ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija ya m'tchire. Ndiye mukauze anyamata a kudambwe kuti aimbe ngoma, tione ngati gule atuluke. Ng'ombe, ng'ona, sing'anga, pang'ono, onsewa popanda nkhodolero lilime limatchula zina. Pena kamatiuza kuti pachoka chilembo: mu nyumba timati m'nyumba, ndi chiyani timati n'chiyani. Kamagwira ntchito kameneka, sikangokhalapo ngati duwa la patebulo la ukwati.

Ndiye wina azindiuza kuti aliyense amva? Pamanda paja anthu anamvadi, n'chifukwa chake anabisa nkhope.

Nanga dikishonale ya m'foniyo analemba ndani? Mnyamatayo ndinamufunsa, anangoti kukamwa yasa. Palibe dzina, palibe chaka, palibe amene ungamuloze chala kuti iwe walakwitsa apa. Chinthu chongotolera mawu m'makomenti a anthu olemba ali pa kabaza, ndiye chikhale muyeso wa chiyankhulo chathu? Sikuti malamulo kulibe. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, malamulo a kalembedwe n'kutuluka mu 1973, n'kudzakonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Ntchitoyo pano ili m'manja mwa a Centre for Language Studies ku Zomba, omwe mu 2000 anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Amenewo ndi anthu odziwika, ofesi yawo ilipo, ukhoza kukawatsutsa maso ndi maso. Koma iwe umagoba miyala ya anthu akufa, ndalama ukulandira zambirimbiri, osasunga ngakhale buku limodzi la Chichewa pashopu. Kufunsa mphunzitsi wa pulayimale wa nyumba yoyandikana nayo kokha kunakukanika? Safunsa anadya phula.

Kaya ndi ulesi, kaya ndi mafoni omwe amabisa nkhodolero kuseri kwa mabatani ena, izo n'zanu. Chimene chikundiwawa n'choti mnyamata yemweyo pamwamba pa mwalawo analemba mawu achingerezi, ndipo sanaphonye chilembo ngakhale chimodzi. Pamenepo anasamala, anayang'ana kawiri. Akanalakwitsa Chingerezi bwenzi atagobanso mwala wina mwaulere, kuopa kusekedwa kuti sanapite kusukulu. Koma Chichewa ndiye cholemba mmene wafunira, poti n'chathu chomwe. Chathu chomwecho ndiye tichipondereze?

M'bale ndi munthu, mbale ndi chiwiya. Ndibwerezanso kwa inu olemba zikwangwani, osindikiza makadi a ukwati ndi malaya a pamaliro muno mu Salima: m'bale ndi munthu. Ngati simukudziwa pomwe nkhodolero ikhale, funsani musanagwire penti.

Ndipo poti ndayamba kale, inunso a "zikomo kwambili" ndi "ndikulila" mundimve. Lamulo lake n'losavuta, tinaphunzira tili ndi mamina m'mphuno: pambuyo pa i ndi e timalemba r. Kwambiri. Kulira. Mtendere. Dzulo lomweli wina wanditumizira uthenga wopepesa za chiliza chomwechi, ati "pepani kwambili ndi za mbale wanu". Sindinamuyankhe.