Maganizo anga pa filimu ya Black Christmas ya 1974

Usiku wa Loweruka lapitali, mvula ikuwaza pa malata, ndinaoneranso filimu ya Black Christmas, imene Bob Clark anaijambula mumzinda wa Toronto ku Canada n'kuitulutsa mu Okutobala 1974. Aka kanali kachitatu, ndipo chandilembetsa ndi mnzanga wina amene amandiseka kuti ndimataya nthawi ndi mafilimu a zophana, omwe iye amati onse ndi amodzimodzi: chigawenga chabisala, atsikana akukuwa, magazi ali ponseponse. Pa mafilimu ambiri a mtundu umenewu sindingamutsutse, koma pa iyi ndikumutsutsa, ngakhale kuti nayonso ili ndi zilema zake. Amene simunaionere ndikuchenjezeretu kuti ndiulula mathero ake.

Nkhani yake ikuchitika m'nyumba yogonamo atsikana a pa koleji m'tauni yongopeka ya Bedford. Atsikanawo ali pa phwando lotsanzikana asanapite kutchuthi cha Khirisimasi, ndipo panthawi yomweyo munthu wina akukwera chipupa chakunja n'kulowa m'kachipinda ka m'denga. Kenaka lamya ya m'nyumbamo ikuyamba kulira, ndipo woimbayo akulankhula zolaula, kulira ngati mwana, kukalipa ngati mayi, n'kumatchula mayina awiri, Billy ndi Agnes, popanda kunena kuti anthu amenewa ndi ndani.

Chimene ndimaikondera kwambiri filimuyi n'chakuti Khirisimasi ili ndi ntchito m'nkhaniyi. Mafilimu ambiri amene anabwera pambuyo pake amangomuveka wakuphayo zovala zofiira za Father Christmas, kapena kukoleka nyali zamitundumitundu pakhoma, moti mutachotsa zimenezo n'kunena kuti zikuchitika mu Juni palibe chimene chingasinthe. Mu Black Christmas, nyengoyo ndiyo ikumutchinjiriza wakuphayo. Aliyense akulongedza katundu, aliyense akuchoka, choncho munthu akasowa anzake akungoganiza kuti wanyamuka kale. Mtsikana woyamba kuphedwa, Clare, akufa ali m'chipinda chake akulongedza zovala, pamene pansi anzake akusokosera ndi mphatso zawo. Mawa lake bambo ake akumudikirira pamalo amene anapangana, ataima m'chisanu, ndipo nkhani itafika kupolisi, wapolisi wa pa kauntala, Sajeni Nash, akuitenga mopepuka poganiza kuti mtsikanayo ali kwa chibwenzi. Nthawi yonseyi Clare ali m'denga la nyumba yomweyo, atakhazikidwa pa mpando wogwedezeka pafupi ndi zenera, nkhope yake itakulungidwa m'pulasitiki, chidole chili pamiyendo. Aliyense wodutsa mumsewu akanangokweza maso akanamuona. Ngakhale kwathu kuno kulibe chipale chofewa, amene anatsalirapo pa sukulu yogonera komweko anzake onse atapita kutchuthi akudziwa mmene nyumba yaikulu imaopsera ikatsala ndi anthu atatu.

Pali chigawo chimodzi chimene ndimachibwereza nthawi zonse ndikamaonera. Ana oimba nyimbo za Khirisimasi afika pakhomo, ndipo Jess, amene Olivia Hussey anasewera mbali yake, watsegula chitseko n'kuima akumvetsera uku akumwetulira. M'chipinda cham'mwamba, Barb wagona ataledzera, ndipo wakuphayo akutenga chidole chagalasi cha hatchi ya nyanga imodzi pa tebulo n'kuyamba kumubaya nacho. Kamera ikusinthasintha pakati pa nkhope za anawo ndi dzanja la Barb lomwe likugwetsa tizidole tina tagalasi, ndipo kukuwa kwake kukumira m'nyimbo yotamanda kubadwa kwa Yesu. Magazi ooneka ndi ochepa kwambiri. Chopweteka ndi kuona Jess akusangalala ndi nyimbo yomwe ikumutsekera makutu pamene mnzake akufa pamwamba pa mutu wake. Margot Kidder, amene anthu ambiri anadzamudziwa mu 1978 ngati Lois Lane mu Superman, anali atamusandutsa kale Barb kukhala munthu weniweni, wamwano ndi wokonda mowa koma wosungulumwa, amene mayi ake amusiya pa Khirisimasi kuti akasangalale ndi mwamuna wina. N'chifukwa chake imfa yake imakhudza.

Ubwino wina ndi kudziletsa kwa Clark pa nkhani ya wakuphayo. Kuyambira poyamba mpaka pamapeto sitimuona nkhope yonse. Timaona manja ake, chifukwa wojambula Bert Dunk anamangirira kamera pathupi pake kuti woonera akwere chipupacho ngati kuti ndiye chigawengacho, ndipo kamodzi timaona diso limodzi likusuzumira pa mpata wa chitseko. Mawu a pa lamya anawalankhula anthu angapo, mmodzi mwa iwo Nick Mancuso, n'chifukwa chake amamveka ngati banja lonse likukangana m'kamwa mwa munthu mmodzi. Carl Zittrer, wokonza nyimbo, anamangirira mafoloko, zipeso ndi mipeni ku nsambo za piyano kuti apeze kulira kosautsa kuja. Pamene anthu ena anaipanganso filimuyi mu 2006, anafotokoza zonse za ubwana wa Billy, makolo ake ndi matenda ake, ndipo mantha onse anathera pomwepo. Zaka zinayi pambuyo pa filimu ya Clark, John Carpenter anatulutsa Halloween, imene inatchuka koposa n'kutsegula njira ya mafilimu ophana pa masiku a zikondwerero, koma zambiri zimene anthu amaiyamikira nazo zinali zitaoneka kale kuno.

Jess nayenso ndi wosiyana ndi atsikana amene amapulumuka m'mafilimu otere, omwe kawirikawiri amakhala ofatsa ndi osadziwa mwamuna. Iye ali ndi pakati, ndipo watsimikiza mtima kuchotsa pakatipo ngakhale chibwenzi chake, Peter, chikukana ndi kumuopseza. Filimuyi inatuluka pasanathe zaka ziwiri kuchokera pamene khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu wa Roe v. Wade, wokhudza ufulu wochotsa pakati, mu Januwale 1973, choncho nkhaniyi inali ya moto. Owerenga ambiri pano sangagwirizane ndi chisankho cha Jess, ndipo sindikulemba kuti ndiwakope. Ndikungoona kuti filimuyi imamupatsa ulemu wa munthu woganiza, ndipo imagwiritsa ntchito mkangano wawowo mochenjera, pakuti woimba lamya akabwereza mawu amene Peter ananena ali awiriwiri, Jess akuyamba kukayikira mwamuna wake yemwe, osaganiza kuti wina amamvetsera ali m'nyumba momwemo.

Koma pa Peter pomwepa ndi pamene zilema zikuyambira. Keir Dullea, amene anasewera mbali yake, anali ndi zaka 38 pamene filimuyi inkatuluka, pomwe Hussey anali ndi 23, ndipo n'kovuta kumukhulupirira ngati wophunzira wa nyimbo. Amuonetsanso wolusa mopyola muyeso, mpaka kuphwanya piyano atalephera mayeso, cholinga chili chakuti timuganizire kuti ndiye wakupha. Woonera watcheru amazindikira msanga kuti akunyengedwa, popeza filimu ikamakuloza munthu ndi chala chonse chotero, nthawi zambiri amakhala kuti si iyeyo. Nthabwala nazo zachuluka. Mayi woyang'anira nyumba, Mrs. Mac, amene amabisa mabotolo a mowa m'buku ndi m'thanki ya chimbudzi, amaseketsa ndithu, koma nthabwala yolaula imene Barb akumupusitsa nayo Nash yakokedwa motalika, apolisi akugwa nayo ndi phwete pamene kunja mwana wamkazi wa zaka 13 amene anasowa wangopezeka atafa. Imfa ya mwana ameneyu nayonso yangosiyidwa m'malere, ngati kuti anaiikamo pofuna kutulutsa anthu m'nyumba basi.

Ena amadandaula kuti Jess anachita zopusa pokwera m'mwamba atauzidwa kale kuti woimbayo ali m'nyumba momwemo. Ine pamenepo ndimamuikira kumbuyo. Anzake awiri, Barb ndi Phyl, anali m'mwambamo, iye sankadziwa kuti afa, ndipo anawaitana mokuwa kangapo asanatenge chitsulo chosonkhezera moto. Ndimakondanso mmene anaonetsera kufufuza kumene lamyayo ikuchokera, munthu wa kampani ya matelefoni akuthamanga pakati pa mizere ya makina akutsatira kulira kwa zitsulo, pamene Jess akuyesetsa kumuchedwetsa woimbayo kuti asadule. Achinyamata amene anabadwira m'nthawi ya foni zam'manja, zoonetsa nambala ya woimba, mwina sangamve kulemera kwa mphindi zimenezo.

Chilema chachikulu, chimene sindinachipezere chowiringula ngakhale ndaonera katatu, ndi kachipinda ka m'denga kaja. Mtsikana wasowa m'nyumba, mayi woyang'anira nyumbayo sakuoneka, apolisi atsimikiza kuti lamya imaimbidwa kuchokera m'nyumbamo, mitembo iwiri yapezeka m'chipinda, wapolisi mnzawo waphedwa m'galimoto panja, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene akukwera makwerero aja n'kukankha kachitseko ka m'denga. Atapeza kuti Jess wapha Peter m'chipinda chapansi, akungoti mlandu watha, akumugoneka mtsikanayo ndi mankhwala, ndipo bambo a Clare atakomoka onse akutuluka kuwaperekeza kuchipatala, kusiya wapolisi mmodzi panja. Wina akhoza kunena kuti filimu yonse yakhala ikutionetsa amuna audindo osamvera akazi, ndiye uku n'kupitiriza chabe. Zoona zilimo, komabe Lefutenanti Fuller, amene John Saxon anasewera mbali yake, tamuona kuyambira poyamba ali munthu wanzeru ndi wosamala, ndipo kuti nkhani ithe mmene wolemba wake, Roy Moore, ndi Clark ankafunira, zinatengera kumusandutsa chitsiru m'mphindi zisanu zomaliza.

Chodabwitsa n'chakuti chilema chomwechi ndicho chikubala mathero amene sindiwaiwala. M'nyumba muli zii, Jess ali m'tulo, kamera ikuyenda pang'onopang'ono m'khonde mpaka kufika pa kachitseko kaja, kenaka ikutuluka pa zenera pamene pali nkhope ya Clare, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka nyumba yonse ikuoneka ndi nyali zake za Khirisimasi. Palibe nyimbo. Lamya ikuyamba kulira, ndipo popeza taona kale kuti munthu uja amaimba akangotha kupha, kulira kumeneko kukupitirira mpaka mayina onse a ochita sewero atha. Loweruka lija nditazimitsa kompyuta ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana kachitseko ka siling'i ka m'khonde mwanga, kamene chilowere m'nyumba ino sindinakatsegulepo.